Chotupa chobisala m'khoma la m'mero: mujambulitse ndi makina ati?

Munthu akayamba kukankhira mbamu iliyonse ya nsima ndi madzi, maganizo a pakhomo ponse amathamangira ku khansa ya kum'mero. Manthawo ali ndi pogwira, chifukwa Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi yachuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri amafika kuchipatala ngakhale phala likukana kutsika. Koma mwa apo ndi apo dokotala amalowetsa kamera n'kupeza zina. Khungu la mkati mwa m'mero lili losalala, lopanda chilonda, kungoti pena pake latukuka ngati mphasa yoyalidwa pamwamba pa mwala. Chotupacho chili pansi, m'kati mwa khoma lenilenilo.

Apa m'pamene banja limasokonezeka. Wina akuti pitani ku CT, wina akuti MRI ndiyo yamphamvu, mlamu wa ku Johannesburg akuti bwerani kuno kuli PET. Ndalama ndi zochepa ndipo sizingakwanire zonse. Nkhani ino ndi ya banja lotere, komanso ya wogwira ntchito pachipatala chaching'ono amene akulemba kalata yotumizira wodwala kwina.

Zotupa ziwiri zofanana ngati mapasa

Choyamba ndi leiomyoma, chotupa cha mnofu chimene si khansa. Mwa zotupa zonse za m'mero zimene si khansa, chimenechi ndicho chimapezeka kawirikawiri. Chimakula pang'onopang'ono, sichifalikira, ndipo chikayamba kutseka njira dokotala wa maopaleshoni amang'amba mnofu n'kuchitulutsa chathunthu ngati nthanga ya peyala, m'mero n'kutsala bwinobwino.

Chachiwiri ndi GIST, chidule cha dzina lachingerezi lakuti gastrointestinal stromal tumour. Chimachokera ku maselo a Cajal, amene amalamula kuti khoma la njira ya chakudya lizifinya motsatizana. GIST zambiri, pafupifupi 60 pa 100, zimamera m'chifu, zina m'matumbo aang'ono. Za m'mero ndi pafupifupi imodzi yokha pa 100, mwinanso kuchepera apo, ndipo zambiri zimakhala chakumunsi, pafupi ndi pamene m'mero umalumikizana ndi chifu. GIST imatha kufalikira, makamaka ku chiwindi ndi m'mimba. Kale zambiri mwa zotupazi zinkangolembedwa kuti leiomyoma. Zinthu zinasintha mu 1998 pamene Seiichi Hirota ndi anzake ku Japan anapeza kuti vuto limakhala pa jini, kutanthauza kachidutswa ka malangizo a m'maselo, yotchedwa KIT. Mu 2002 mankhwala a imatinib, amene amatseka ntchito ya jini yolakwikayo, analoledwa ku America kuti azichizira GIST, ndipo kuyambira 2015 ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika. Choncho dzina la chotupa lili ndi ntchito: china chimangofuna kuchotsedwa kapena kuyang'aniridwa, chinzake chili ndi mapiritsi ake ndipo chimafuna opaleshoni yosamala kuti chisaphulike.

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiinena poyambirira kuti musadikire: palibe chithunzi, ngakhale cha makina odula bwanji, chimene chingalumbire kuti ichi ndi leiomyoma, ichi ndi GIST. Zithunzi zimangolozera. Wolumbira ndi dokotala wa ku labu amene wapaka kanyama ka chotupacho mankhwala oonetsa zizindikiro zotchedwa CD117 ndi DOG1, zimene zimaoneka mu GIST, kapena desmin, imene imaoneka mu leiomyoma.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Pa njira iliyonse ndayamba ndi funso limene imatha kuyankha. Mafunso enieni ndi anayi: kodi chotupa chili m'khoma kapena ndi chinthu chakunja chimene chikukankha m'mero? N'chachikulu bwanji ndipo chayandikana ndi chiyani? Chafalikira? Ndi mtundu wanji? Kenako ndaona mtengo, kupezeka, chisamaliro ndi zoopsa.

Pa mtengo ndikuyerekeza njira ndi inzake osati kutchula makwacha, chifukwa kontrasti (mankhwala obaya kuti zithunzi zioneke bwino), singano ndi zipangizo zokonzera makina zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya m'zipatala zolipira sikhala malo amodzi. Kumbukiraninso kuti ku chipatala cha boma, kumene kujambula n'kwaulere, ulendo, chakudya cha gadiyani ndi masiku odikira si zaulere. Pa chisamaliro ndikutanthauza ziwiri: zimene makina amafuna kuti apitirize kugwira ntchito, ndi kangati wodwala adzafunike kubwereza. Pa cheza, mphamvu yosaoneka imene makina ngati a X-ray amatulutsa ndipo imayezedwa mu mSv, gwirani manambala awa: X-ray imodzi ya pachifuwa ndi pafupifupi 0.1 mSv, pamene cheza chachilengedwe chimene munthu amalandira pachaka ndi pafupifupi 2.4 mSv.

1. X-ray yomwera bariyamu

Wodwala amaimirira kutsogolo kwa makina atagwira kapu ya madzi oyera, olemera, okoma ngati choko. Wojambula amati, "Dzazani m'kamwa, musameze kaye... mezani tsopano!" ndipo amajambula madziwo akutsika. Khansa yodziwika ija imaoneka ngati njira yopapatiza yokhala ndi m'mbali mokumbikakumbika. Chotupa cha m'khoma chimaoneka mosiyana: bariyamu amachilambalala mosalala, n'kusiya kachigawo kooneka ngati mwezi wongokhala kumene.

*Mtengo.* Ndiyo yotsika kuposa zonse.

*Kupezeka.* Imatheka paliponse pamene pali X-ray ndi bariyamu, ngakhale zithunzi zabwino zimafuna makina oonetsa kumeza kukuchitika.

*Chisamaliro.* Makina ake ndi opirira. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi bariyamu yemweyo. Si njira yoyang'anira chotupa chaka ndi chaka, chifukwa simungapime nayo bwino kukula kwake.

*Zoopsa.* Cheza chake chimaposa cha X-ray wamba koma sichifika cha CT ya pachifuwa ndi pamimba. Munthu amene amatsamwa pomeza akhoza kulowetsa bariyamu m'mapapo, ndipo ngati pali chikaiko choti m'mero waboola, bariyamu saloledwa. Amadzimbitsa, ndipo chimbudzi chimayera tsiku limodzi kapena awiri. Imwani madzi ambiri. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti bariyamu wotsalira m'mimba amawononga zithunzi za CT. Ngati CT yapezeka kale sabata lomwelo, musayambe ndi bariyamu.

2. Endosikope, kuunika ndi kamera

Apa m'pamene pafupifupi aliyense ayenera kuyambira. Wodwala amakhala maola asanu ndi limodzi osadya, amamupopera mankhwala a dzanzi kukhosi, nthawi zina n'kumupatsa ogonetsa pang'ono, amaluma kapulasitiki koteteza paipi, ndipo pakatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zonse zatha. Dokotala amaona ndi maso ake ngati pali chilonda cha khansa, mafangasi oyera, khansa ya Kaposi kapena kutukuka kosalala kuja. Kwathu kuno, kumene khansa ya khungu la mkati ndiyo yochuluka, funso limeneli liyenera kuyankhidwa lisanabwere lina lililonse.

*Mtengo.* Wapakati. Ku zipatala zolipira ndalama ya labu imawerengedwa padera, ndiye funsani mtengo wa zonse pamodzi.

*Kupezeka.* Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaunika, komanso zipatala zina zolipira ndi za mishoni. Ku Zambia ambiri amapita ku Lusaka. Masiku ounika amakhala oikika pa sabata, ndiye dziwani tsiku musanakwere basi.

*Chisamaliro.* Paipi yake ndi yosachedwa kuwonongeka. Kuluma kamodzi kokha kukhoza kuithyola mkati, ndipo yokonza imatumizidwa kunja. Imayenera kutsukidwa ndi kuviikidwa m'mankhwala opha tizilombo wodwala aliyense akatha, n'chifukwa chake patsiku amaunika anthu owerengeka.

*Zoopsa.* Kubooka kwa m'mero kapena kutaya magazi kumachitika koma n'kosowa. Choopsa chenicheni ndi pepala la zotsatira. Kapanini ka endosikope kamangotsina pamwamba, ndipo chotupa chili pansi. Kanyama kamapita ku labu, pakapita masabata kamabwera ndi mawu akuti khungu lili bwino, palibe khansa. Ndinaonapo bambo wina akupinda pepala lotere mosamala, kuliika m'kabuku ka kuchipatala, n'kuuza akazi awo kuti, "Amayi, tiyeni tizipita, akuti palibe kanthu." Pepalalo silinaname, koma linayankha funso lina. Chotupa sichinakhudzidwe n'komwe. Palinso chifukwa china chimene madokotala ambiri a maopaleshoni sakondera kutsinatsina pamwamba pa chotupa chotere: zipsera zimamatirira khungu ku chotupa, ndipo podzachitulutsa khungulo likhoza kung'ambika.

Endosikope siithanso kusiyanitsa bwino chotupa cha m'khoma ndi chinthu chokankha kuchokera kunja. Kwathu zimenezi si zachilendo: mwanabere wa TB pakati pa chifuwa, mtima wokula chifukwa cha matenda a mavavu, kapena mtsempha waukulu wotupa, zonsezi zimatukula khoma la m'mero mofanana.

3. EUS, sikani ya mafunde yolowera mkati

Iyi ndi endosikope yokhala ndi kasikani kunsonga, kofanana ndi kamene amaunikira amayi oyembekezera, kungoti kamaunika kuchokera mkati. Kamaonetsa khoma la m'mero ngati mizere isanu yosanjikizana, ndipo dokotala amatha kuloza mzere umene chotupa chamera. Leiomyoma ndi GIST zonse zimakonda mzere wachinayi, wa mnofu waukulu, ndipo zonse zimaoneka zakuda. Zimene zimakweza chikaiko cha GIST yoopsa ndi kukula, m'mbali mosalongosoka ndi timatumba ta madzi mkati mwake. Kuona kokha sikukwanira. Mphamvu ya EUS ili pa singano: dokotala amaibaya kudutsa khungu, akuiona pa sikirini, n'kutenga kanyama ka chotupa chenichenicho. Mwa njira zonse zisanu ndi imodzi, iyi yokha ndiyo ingabweretse dzina la chotupa opaleshoni isanachitike.

*Mtengo.* Wokwera. Singano yake imagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, pamafunika wogonetsa, ndipo kupaka CD117 ndi DOG1 kuli ndi mtengo wakewake. Mukaphatikiza ulendo wakunja, imaposa CT kutali.

*Kupezeka.* Apa m'pamene pali vuto. Makina ndi akatswiri a EUS ndi ochepa m'chigawo chino cha Africa. Amapezeka kwambiri m'zipatala zazikulu za ku South Africa, ku Nairobi ndi ku India. Amene ali ku Britain amaipeza kudzera kwa dokotala wa za m'mimba popanda vuto lalikulu kupatula kudikira. Musanalipire kulikonse, funsani mafunso awiri: kodi mudzabaya singano kapena kungoona? Nanga labu yanu imapaka CD117 ndi DOG1? Ngati yankho lachiwiri ndi ayi, dziwani kuti kanyama kakaumitsidwa mu phula kamatha kutumizidwa ku labu ina, ngakhale kunja, wodwala ali kunyumba. Kutumiza kabokosi n'kotsika mtengo kusiyana ndi kutumiza munthu ndi gadiyani wake.

*Chisamaliro.* Paipi ya EUS ndi yodula ndiponso yosalimba kuposa ya endosikope wamba, ndipo luso lake limatha ngati dokotala saigwiritsa ntchito kawirikawiri. Kwa wodwala wa kachotupa kakang'ono kamene akungokayang'anira, ndiyo njira yabwino yopimira chaka ndi chaka, ngati ali pafupi nayo.

*Zoopsa.* Ilibe cheza. Kutaya magazi, matenda ndi kubooka n'zosowa. Pa chotupa chosakwana masentimita 2 singano nthawi zambiri imabwera ndi kanyama kosakwanira, ndiye mukhoza kulipira n'kubwerera opanda yankho. Ngati chikuoneka kuti ndi thumba la madzi lobadwa nalo osati chotupa cholimba, madokotala amapewa kulibaya chifukwa mafinya a pakati pa chifuwa ndi matenda oopsa kwambiri.

Madokotala amasiyana maganizo pa nkhani yobaya. Ena amati ngati chotupa chidzachotsedwa basi, singano n'kungowonjezera zipsera. Ine ndili mbali ya obaya pamene chotupa chili chachikulu. Chifukwa chake n'choti ngati ndi GIST yaikulu, imatinib womwa miyezi ingapo opaleshoni isanachitike akhoza kuichepetsa, ndipo kusiyana kwake kukhoza kukhala pakati pa kuchotsa chotupa chokha ndi kudula gawo la m'mero n'kukokera chifu m'chifuwa. Palibe dokotala wanzeru amene angayambitse mapiritsi amenewa popanda umboni wa labu.

4. CT yokhala ndi kontrasti

Iyi ndiyo ng'ombe yokoka ngolo pa nkhaniyi. Wodwala amagona pa kabedi kolowa m'chibowo chonga gudumu, amamubaya kontrasti pamkono, thupi limatentha kwa masekondi angapo, m'kamwa mumamveka ngati chitsulo, ena amaganiza kuti adzikodzera pamene ayi. Amagwira mpweya kamodzi kapena kawiri, basi. Zithunzi zimaonetsa kukula kwenikweni kwa chotupa, mmene chakhalira ndi mtima, njira ya mpweya ndi mtsempha waukulu, komanso ngati chokankhacho chili kunja kwa m'mero. Zimaonetsanso chiwindi, kumene GIST imathamangira ikafalikira. GIST siikonda kupita ku mwanabere, mosiyana ndi khansa ya khungu la mkati, choncho mwanabere wambiri wotupa amachititsa dokotala kuganizira matenda ena.

Pa mtundu, CT imangolozera. Leiomyoma imakonda kukhala yofanana ponseponse, yosamwa kontrasti kwambiri, nthawi zina yokhala ndi timadontho touma ngati laimu. GIST imakonda kukhala yaikulu, yamawangamawanga, yowola pakati, nthawi zina yokhala ndi chilonda pamwamba. Koma zing'onozing'ono zimafanana kotheratu.

*Mtengo.* Wapakati cha kumtunda ku zipatala zolipira. Amene ali pa MASM kapena inshulansi ina afunse chilolezo asanajambulitse.

*Kupezeka.* Imapezeka m'mizinda ikuluikulu, ku zipatala za boma ndi zolipira. Imbani kaye kufunsa zinthu ziwiri, ngati makina akugwira ntchito ndi ngati kontrasti ilipo. CT yopanda kontrasti pa vuto ili ndi kutaya ndalama ndi kulandira cheza pachabe. Onetsetsaninso kuti kalata yanena pachifuwa ndi pamimba pomwe. Ambiri amajambulidwa chifuwa chokha n'kudzabwereranso chifukwa cha chiwindi.

*Chisamaliro.* Chubu chotulutsa cheza chimatha ndipo kusintha kwake n'kodula. Makina amafuna magetsi osadukaduka ndi chipinda chozizira, ndipo akawonongeka amadikira katswiri wochokera kutali. Kwa wodwala, CT ndiyo imabwerezedwa kwambiri: amene ali ndi GIST yoopsa amajambulidwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse m'zaka zoyambirira. Pemphani zithunzi pa CD kapena fulashi, osati lipoti lokha, ndipo muzisunge ngati chiphaso cha malo. Wowerenga zithunzi zatsopano popanda zakale ali ngati munthu woweruza mlandu atamva mbali imodzi.

Pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. GIST ikamva imatinib, nthawi zambiri siiphwa msanga. Imasungunuka mkati, n'kuoneka yakuda, mwinanso yokulirapo, ndipo timadontho ta pachiwindi timene sitinkaoneka timayamba kuoneka. Wowerenga wosazolowera akhoza kulemba kuti matenda akukula, mankhwala n'kuimitsidwa pamene akugwira ntchito. N'chifukwa chake mu 2007 Haesun Choi ndi anzake a ku MD Anderson ku Houston anafalitsa muyeso wina: chotupa chimaonedwa kuti chamva mankhwala ngati chachepa ndi 10 peresenti kapena kulimba kwake pa CT kwatsika ndi 15 peresenti. Pa kalata yojambulitsa pazilembedwa kuti wodwala ali pa imatinib ndi tsiku limene anayamba.

*Zoopsa.* CT ya pachifuwa ndi pafupifupi 6 kapena 7 mSv, ndipo pamimba pamawonjezera. Kamodzi si nkhani yaikulu kwa munthu wamkulu, koma kwa wachinyamata wojambulidwa zaka zambiri zimaunjikana. Kontrasti ikhoza kuvutitsa impso zofooka kale, ndiye magazi a impso ayezedwe kaye, makamaka kwa odwala shuga ndi BP. Amene amamwa metformin, mankhwala a shuga, anene. Ena thupi lawo limadana nayo, kuyambira ziwengo mpaka kubanika. Mayi amene akuganiza kuti ndi woyembekezera anene asanagone pa bedi.

5. MRI

Ambiri amaganiza kuti MRI ndi CT yapamwamba. Pa m'mero si choncho. M'mero uli kuseli kwa mtima umene ukugunda ndi pakati pa mapapo amene akupuma, ndipo MRI imadana ndi kugwedezeka. Kumene imapambana ndi pachiwindi: kadontho kamene CT yalephera kukatchula, MRI nthawi zambiri imakamasulira.

*Mtengo.* Woposa wa CT.

*Kupezeka.* Makina ndi ochepa. Oyamba m'Malawi anaikidwa ku Queen Elizabeth mu 2008, makamaka pofufuza malungo a mu ubongo mwa ana. Si makina onse amene amajambula bwino chiwindi, ndiye funsani.

*Chisamaliro.* Makina amphamvu amafuna mpweya wa heliyamu woziziritsa ndi magetsi usana ndi usiku. Ubwino wake n'ngoti wodwala akhoza kubwereza kangapo popanda cheza.

*Zoopsa.* Maginito ake amakoka zitsulo, choncho amene ali ndi kabatire ka mtima kapena kachitsulo m'diso anene. Kontrasti yake, gadolinium, imapewedwa kwa amene impso zawonongeka kwambiri. Kugona theka la ola kapena kuposa m'chipaipi chaphokoso kumavuta, makamaka kwa munthu amene malovu amamubwerera akagona chagada.

6. PET-CT

Amabaya shuga wokhala ndi cheza, ndipo malo amene akudya shuga kwambiri amawala. GIST zambiri zimawala. Vuto n'loti leiomyoma ya m'mero nayonso imatha kuwala, ndipo TB imawala kwambiri. Kwa munthu wochokera kwathu, mwanabere wowala pachifuwa akhoza kukhala TB, osati kufalikira kwa chotupa. Amene akupita kukajambulitsa PET kuti adziwe mtundu wa chotupa akugula yankho limene makinawo sagulitsa.

Ntchito yake yeniyeni ndi yopapatiza koma yabwino: imaonetsa msanga ngati imatinib akugwira. Chotupa chimene chimawala chikhoza kuzima m'masabata ochepa, CT isanaonetse kusintha kulikonse. Izi zimathandiza pokhapokha ngati panajambulidwa PET ina mankhwala asanayambe, ndiye muwerengere maulendo awiri.

*Mtengo.* Wokwera kuposa zonse, musanawerengere ndege ndi malo ogona.

*Kupezeka.* South Africa, Nairobi ndi India ndiko ambiri amapita. Unduna wa Zaumoyo uli ndi ndondomeko yotumiza odwala kunja, koma odikira ndi ambiri.

*Chisamaliro.* Mankhwala ake amataya theka la mphamvu pa mphindi 110 zilizonse, choncho amapangidwa tsiku lomwelo pafupi ndi chipatala, m'makina otchedwa cyclotron. Ichi ndicho chifukwa chake PET siingangoikidwa paliponse, ndiponso chifukwa chake tsiku lanu likhoza kusunthidwa mwadzidzidzi. Musagule tikiti yobwerera ya mawa lake.

*Zoopsa.* Cheza chake ndicho chochuluka pa njira zonsezi, nthawi zina kupitirira 20 mSv. Wodwala amasala kudya maola angapo, ndipo shuga wokwera m'magazi amawononga zithunzi.

Ndani asankhe chiyani

Ngati mukuvutika kumeza ndipo simunaunikidwe n'komwe, pitani ku endosikope, ndipo musachedwe poyesa maantibayotiki ndi mankhwala a zilonda za m'mimba. Bariyamu ndi wa amene ali kutali ndi kamera: chithunzi chake chimalimbitsa kalata yotumizira, ndipo kachigawo kosalala kaja kakaoneka, kalatayo inene momveka kuti mwina si khansa wamba. Mawu amenewa akhoza kuteteza munthu kuti asangoikidwa m'gulu la osachiritsika pamene chotupa chake n'chochotseka.

Ngati kamera yaona kutukuka kosalala, chotsatira ndi CT ya pachifuwa ndi pamimba yokhala ndi kontrasti, kaya kanyama ka pamwamba kanena zotani. Kwa mabanja ambiri, endosikope ndi CT ndizo zokwanira kuti dokotala wa maopaleshoni apange chiganizo, ndipo ndalama yotsala isungidwire labu.

Kachotupa kosakwana masentimita 2, kopezeka mwangozi, kosavutitsa kumeza, kosalala: nthawi zambiri kamangoyang'aniridwa. Amene ali pafupi ndi EUS aigwiritse ntchito. Ena abwereze endosikope pa nthawi imene dokotala wanena, makamaka pamalo amodzimodzi kuti muyeso uzifanana. Kakayamba kukula, nkhani yasintha.

Chotupa chapakati, chofanana ponseponse pa CT, chimene chikutsekereza chakudya, ndipo EUS ili kutali: kambiranani ndi dokotala za kuchichotsa chathunthu osachiphulitsa, kenako chonsecho chipite ku labu kukapakidwa CD117 ndi DOG1. Pamenepa opaleshoni ndiyo imakhala kuyeza komweko. Musalole kuti chotupa chochotsedwa chitayidwe kapena chiyezedwe mwachisawawa, chifukwa ngati ndi GIST yoopsa, wodwala amafunika imatinib kwa zaka zitatu pambuyo pake.

Chotupa chachikulu, chamawangamawanga, chokhudza ziwalo zina, kapena chimene dokotala akuti chifuna kudula m'mero: apa ndi pamene ulendo wa EUS ndi singano uli woyenera ndalama yake, ngakhale kugulitsa ng'ombe. Ngati CT yaonetsa zotupa pachiwindi, nthawi zina n'kosavuta kubaya cha pachiwindicho kudzera pakhungu, motsogozedwa ndi sikani wamba, ndipo izi zimatheka kufupi ndi kwathu.

MRI isungidwire mayi woyembekezera, munthu amene thupi lake linadanapo kwambiri ndi kontrasti ya CT, wachinyamata amene adzajambulidwa chiwindi zaka zambiri, ndi kadontho ka pachiwindi kamene CT yasiya ndi chikaiko.

PET-CT ndi ya munthu amene labu yatsimikiza kale kuti ali ndi GIST, akuyamba imatinib kuti chotupa chichepe opaleshoni isanachitike, ndipo dokotala akufuna kudziwa msanga ngati apitirize kapena asinthe njira. Ngati achibale a ku Joni atumiza ndalama ya PET pamene kanyama sikanayezedwe, athokozeni, muwafotokozere, ndipo ndalamayo ilipire singano ndi labu.